Belu la agogo: momwe gawo 6 la katuni yathu likuyendera

Sabata 1, Lolemba

Tayamba gawo 6, lomwe takhala tikulizengereza kuyambira kale. M'magawo asanu oyamba ntchito yathu inali kuseketsa basi. Muli Yami, kamnyamata ka zaka 7, agogo ake aamuna okonza njinga pansi pa mtengo wa mango, ndi mbuzi yawo Sajeni imene imadya chilichonse, kaya ndi chubu cha njinga kaya kope la kusukulu. Ndiye pali belu la njinga ya agogowo. Ukaliliza limangoti "khwe", ngati nkhuku ya chitopa. Gawo lililonse Yami amadandaula nalo, agogo n'kuyankha kuti, "Mawa ndikonza." Munthu wokonza njinga za mudzi wonse, yake ikumukanika. M'gawo 6 agogowo amwalira.

Tilipo anayi m'kachipinda kathu kuno ku Chilomoni. Ine ndimalemba nkhani ndi kulumikiza zithunzi, achimwene ena amajambula anthu ndi nyama n'kuziyendetsa, asisi ena amajambula malo, ndipo mlongo wanga ndi amene amalankhulira Yami komanso kusamala za mawu. Tili ndi malaputopu awiri ndi tabuleti imodzi yojambulira. Timagwiritsa ntchito mapulogalamu a pakompyuta otchedwa Krita, Blender ndi Audacity, pachifukwa chimodzi chokha: ndi aulere.

Achimwene sakugwirizana nalo gawoli. Mmawa uno andiuza kuti, "Anthu amatsegula katuni kuti aseke. Maliro ali nawo kale kwawo." Sindinawatsutse kwambiri chifukwa sakunama. Ndangowauza kuti ana amene amationerawa ambiri anaikapo kale agogo awo, ndipo tsikulo anangowathamangitsira kuseri kwa nyumba popanda wowauza chimene chachitika.

Masamu ake ndi awa. Gawo limodzi ndi mphindi 11, omwe ndi masekondi 660. Sekondi imodzi ili ndi mafulemu 24, kutanthauza tizithunzi timene timasinthana mwachangu pa sikirini, ndiye onse pamodzi ndi 15,840. Ife chithunzi chimodzi timachiimika mafulemu awiri, choncho tikadati tijambule chilichonse bwenzi zithunzi zili 7,920. Sitifikako, timabwereza zambiri, koma nthabwala iliyonse imene ndilembe ndi masiku a msana wa munthu wina. Ndikuyenera kukumbukira zimenezi.

Sabata 1, Lachisanu

Ndalemba kawiri, ndataya kawiri.

Koyamba ndinachotsamo zoseketsa zonse. Zinatuluka ngati sewero lija lophunzitsa za matenda limene anthu amazimitsa wailesi likangoyamba. Yami analira kuyambira tsamba 2 mpaka lomaliza, ndipo sanalinso Yami amene timamudziwa.

Kachiwiri ndinapita mbali inayo. Paliponse pamene chisoni chayandikira, Sajeni ankatulukira. Wadya nkhata ya maluwa, wagunda mfumu ikulankhula, wathawa ndi chitenje cha amayi a kumpingo. Nditawerenga ndinapeza nthabwala 23 m'mphindi 11. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tinawerenga mokweza tonse anayi, achimwene n'kumagwa ndi phwete, ine mtima uli m'malo kuti zatheka. Mlongo wanga anadikira kuti timalize, n'kunena kuti, "Achimwene, apa sikuti mukuseketsa ana ayi. Mukuthawa."

Zinandiwawa, ndipo n'chifukwa chake ndikudziwa kuti n'zoona. Ndabwerera m'masamba aja ndi cholembera chofiira. Pa nthabwala 23 zija, 19 zinabwera pamzere weniweni umene munthu amayenera kunena chinthu chovuta. Wochita mantha sanali Yami.

Sabata 2

Sabata ino sitinajambule kanthu. Takhala tikuonera makatuni a anzathu akunja, wotchi ili m'manja, kuti tione pamene iwo amasiyira kuseketsa.

Mu Avatar: The Last Airbender muli gawo la mu 2006 lotchedwa "The Tales of Ba Sing Se". Kankhani ka mkulu uja Iroh n'kakafupi, ndipo pafupifupi konse n'kopepuka. Akuyenda mumzinda kuthandiza anthu, mpaka wakuba amene wamuloza ndi mpeni akumuphunzitsa kaimidwe kabwino chifukwa waima mofooka. Kenako dzuwa likulowa akukwera kaphiri, pansi pa mtengo n'kuika chithunzi cha mwana wake Lu Ten amene anafera kunkhondo, chifukwa ndi tsiku lake lobadwa. Apa m'pamene umazindikira kuti tsiku lonse lija ankachitira ana a eni zimene sangathenso kumuchitira wake. Zoseketsa zija sizinali zodikirira chisoni, zinali chisoni chomwecho chitavala malaya ena. Kumapeto analembapo mawu okumbukira Mako, amene ankalankhulira Iroh ndipo anamwalira chaka chomwecho.

Futurama si ya ana, koma gawo lake la mu 2002 lotchedwa "Jurassic Bark" talionera katatu. Nthabwala zilimo thoo mpaka chakumapeto. Ndiye amakuonetsa galu atakhala pakhomo pa sitolo ya pizza kudikira mbuye wake amene sadzabweranso, nyengo zikusintha, galuyo akukalamba kwa zaka 12. Akatseka maso, gawo latha. Sanaikeponso kanthabwala kopukutira misozi. Achimwene anangoti "Aaa, anthu awa ndi ankhanza," n'kutuluka panja kaye.

Chimene chatithandiza kwambiri ndi Bluey ya ku Australia, chifukwa oonera ake ndi a msinkhu wa athu ndipo gawo limodzi ndi mphindi 7 zokha. M'gawo lotchedwa "Copycat" kambalame kovulala kamene Bluey ndi bambo ake atola kakufa kwa dokotala wa ziweto. Akabwerera kunyumba Bluey akusewera zomwezo, mng'ono wake ndiye mbalame. Mayi ake akufuna kusintha mathero kuti mbalameyo ichire, mwanayo akukana, akufuna zithe mmene zinatheradi. Ndinadziona ndekha mwa mayi uja.

Sabata 3

Ntchito inaima masiku anayi chifukwa kwathu ku Dedza kunagwa zovuta, amalume a mayi anga anatisiya. Sindinapite kukafufuza za katuni, koma maso satseka.

Masamba ali pamsewu, wanjinga aliyense akutsika n'kumakankha. Amayi ali m'nyumba ya siwa, nyimbo usiku wonse. Ife abambo tili panja pamoto, ndipo pofika pakati pa usiku nkhani zinali za mpira, za mtengo wa feteleza, ndi za malemuwo mmene anathamangitsidwira ndi njuchi atavala suti ya ukwati wa mwana wawo. Tinaseka mpaka wina anatsamwa. Amene anayambitsa nkhani ya njuchiyo ndi mng'ono wawo weniweni wa malemu, ndipo atamaliza anakhala duu kuyang'ana moto nthawi yaitali. Palibe anamufunsa kanthu.

Mmamawa ndinatsatira adzukulu kumanda. Amene anafikako amadziwa kuti kumeneko kulibe nkhope zachisoni. Akukumba akunyozana, wina akuti dothi lalimba chifukwa malemu anali okakamira, wina akutumiza uthenga kumudzi kuti ndiwo zikakhala masamba okhaokha dzenje lithera m'mawondo. Palibe amene amati n'chipongwe. Ndi anthu amene agwira ntchito yolemetsa kuposa onse, ndipo kusekako n'kumene kumawathandiza kunyamula khasu.

Apa m'pamene ndaona kulakwa kwa nthabwala zanga 19 zija. Zinkachokera kwa ine, munthu wapanja, kuti ndiwachotse oonera pamaliro. Za pamoto paja ndi za kumanda zimachokera kwa anthu amene ali m'kati mwa malirowo, ndipo sizikuchotsa pamalopo. Umaseka uli pompo.

Chinanso ndinachitola osachifuna. Mfumu italengeza madzulo kuti adzukulu alawirire, kamwana kena ka pabanjapo kanakoka chitenje cha mayi ake n'kufunsa kuti, "Ndiye ifenso tipita?" Mayiyo anaseka, kenako anatembenukira kukhoma. Ndinalemba pa foni ndili m'minibasi pobwerera.

Sabata 4

Nkhani yaima tsopano, ndipo msana wake ndi mawu amodzi omwewo. Yami wamva kuti manda a agogo akumba ndi adzukulu. Iye ndi mdzukulu. Kusanache watenga kakhasu kake ka kudimba, wayamba ulendo. Oonera akudziwa kuti wasokoneza, ndiye kuyenda kwake konse, chifuwa patsogolo, khasu lomutalikira likumukola m'miyendo, n'koseketsa. Akufika m'mphepete mwa msitu wa kumanda, akuluakulu aja akumuona.

"Iwe, ukufuna chiyani kuno?"

"Akuti adzukulu alawirire. Ine ndine woyamba kubadwa."

Onse akufa nacho chiseko. Mmodzi yekha, wamkulu pa onse, sakuseka nthawi yaitali. Akutuluka m'dzenje, akupukuta manja, akunjuta kuti maso awo alingane.

"Wachita bwino kubwera. Koma ntchito yako si ino. Njinga ya agogo ako ili yokha pamtengo paja. Ukailondere."

Nayenso Sajeni wapeza chochita chimene sichikuchokera kunja kwa maliro. Wamva amayi ophika akukambirana za ndiwo za adzukulu, mmodzi n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumchira. Gawo lonse mbuziyo ikubisala: m'nkhokwe, kuseri kwa bafa, pansi pa benchi ya kwaya. Pomaliza ikukabisala pamalo okonzera njinga, ndipo Yami akuipeza pomwepo. Nkhani yoseketsa ndi yachisoni zikukumana pansi pa mtengo umodzi, aliyense wathawa zake. Nthabwala zatsala 9.

Takangana tsiku lathunthu pa liwu limodzi. Asisi ojambula malo akuti mayi ake a Yami anene kuti "agogo atisiya" kapena "agona", chifukwa ndi mmene timalankhulira, ndipo kumuuza mwana kuti "amwalira" n'kuuma pakamwa. Akunena zoona pa za ulemu. Koma mwana wa zaka 7 ukamuuza kuti agona akufunsa kuti adzuka liti, ndipo wina akhoza kuyamba kuopa tulo. A Sesame Street, ngakhale kuti yawo ndi ya zidole ndi anthu osati katuni, anakumana nazo zomwezi Will Lee amene ankasewera Mr. Hooper atamwalira mu 1982. M'gawo limene anaonetsa mu November 1983 sananamize ana kuti wasamuka. Ananena kuti wamwalira ndipo sabweranso. Ife tagwirizana chapakati. Akuluakulu pakati pawo azinena kuti "atisiya". Yami afunsa kuti, "Atisiya apita kuti?" Mayi ake ayamba kuyankha, aima, kenako anena liwu lenilenilo kamodzi kokha m'gawo lonse.

Sabata 5, Lachitatu usiku

Tajambula mawu. Pa katuni mawu ndiwo amayamba, milomo imatsatira pambuyo. Situdiyo yathu ndi chipinda chogona cha mlongo wanga, matiresi awiri taimika kukhoma, bulangete pazenera. Timayamba 10 koloko usiku ana a aneba akagona, n'kumapikisana ndi atambala a m'dera lino amene sadziwa nthawi.

Amene amalankhulira agogo ndi aphunzitsi ena opuma ntchito a kumpingo kwathu. M'gawoli ali ndi mizere itatu yokha, koyambirira, asanadwale. Atawerenga tsamba lawo anavula magalasi n'kufunsa kuti, "Ndiye mwandipha, ana inu?" Ndinayamba kupepesa, iwo n'kuseka. "Musadandaule. Koma malipiro a gawo 7 mundipatsabe, ngati chipepeso." Atatero ananena "Mawa ndikonza" wawo womaliza ndendende mmene amanenera masiku onse, mopanda kulemeretsa mawu. Ndinawapempha kuti ayesenso mwachisoni pang'ono. Anakana. "Mkuluyu sakudziwa kuti mawa kulibe. Mukudziwa ndinu." Tasunga woyambawo.

Vuto linali kwa mlongo wanga. Pamzere wa "Ine ndine woyamba kubadwa" mawu ankamunjenjemera, maulendo 6 onse. Koma Yami pamenepo sakumva chisoni, akunyada. Akalira iye, oonera alibenso chochita. Tinapuma, tinamwa tiyi, ndinamuuza kuti anene ngati akudzitama kwa anzake pabwalo la mpira. Ulendo wa 8 unatuluka bwino, iye n'kukalirira kubafa.

Za milomo Chichewa chimatikomera. Mavawelo ndi asanu okha, ndipo liwu lililonse limathera pa vawelo, ndiye tili ndi milomo 7 basi: isanu ya a, e, i, o, u, umodzi wotseka wa m, mb, mp, b ndi p, wina wa f ndi v. Pa liwu loti "amwalira" achimwene ajambula mlomo wotsekawo n'kuuimika mafulemu 6 m'malo mwa 2, ngati mayiyo akulimbana nalo liwulo lisanatuluke. Ndi anthu omwe aja ankakana gawoli.

Sabata 6

Animatic yatha, kutanthauza zithunzi zongoyerekeza za nkhani yonse (storyboard) zoikidwa pamzere pamodzi ndi mawu kuti tione kutalika kwa chilichonse tisanayambe kujambula zenizeni. Magetsi anazima Lachiwiri ndisanasunge, maola atatu anapita. Ndaphunzira, kachikenanso.

Sabata yonse yathera pa kachigawo ka masekondi osakwana 20. Yami wakhala pansi pafupi ndi njinga, Sajeni wagona pambali pake osatafuna kanthu, koyamba chiyambire katuniyi. Kutali kukumveka nyimbo ya anthu opita kumanda. Yami akutambasula dzanja, akuliza belu. "Khwe."

Funso ndi loti pakhale chete wotalika bwanji belulo litalira. Ndayesa mafulemu 24, sekondi imodzi: zikumveka ngati nthabwala wamba ya magawo akale. Ndayesa 48: zikuoneka ngati tinaiwala kuikapo mawu. Pa 120, masekondi asanu, asisi anati zikukhala ngati tikuwakakamiza anthu kulira, ndipo ana ayamba kuyang'ana kumbali. Ndaima pa 84, masekondi atatu ndi theka. Pa fulemu ya 60 Yami akutembenuzira mutu pang'ono kumpando wa agogo, kumene yankho lija limachokera nthawi zonse. Pampando palibe munthu. Chinthu chaching'ono chotere ndasinthasintha maulendo oposa 30, mkazi wanga mpaka wafunsa ngati kompyuta yafa.

Kajambulidwe nakonso tasintha, koma mobisa. Masiku onse Yami akadabwa maso amatuzuka, akagwa amaphwatalala ngati chitumbuwa n'kudzukanso. Kuyambira pamene wachoka kumanda zonsezo tazichepetsa pang'onopang'ono, mpaka pamtengo paja thupi lake likulemera ngati la mwana weniweni. Misozi yothovoka ngati mpopi ija, imene tinaigwiritsa ntchito m'gawo 2 Sajeni atadya mandasi ake, pano ayi. Mitundu sitinaidetse. Asisi anafuna kuika mitambo yakuda, ndinawapempha kuti dzuwa liwale monga mwa masiku onse, chifukwa tsiku loika maliro kunja sikudziwa. Limba wachisoni uja amene aliyense amaika pamalo ngati awa tamukananso. Pali njiwa, mphepo m'masamba a mango, ndi nyimbo yakutali ija imene tinajambula ndi amayi asanu a kwaya ataima kuseri kwa nyumba kuti imveke patali.

Sabata 7, Loweruka

Taonetsa animatic kwa ana 9 ndi akuluakulu atatu kunyumba kwa azakhali ku Bangwe. Onsewa anaonera kale magawo asanu aja. Ine ndinakhala pakona kuyang'ana nkhope, osati sikirini.

Sajeni pansi pa benchi ya kwaya: chiphokoso, mwana wina mpaka anagubuduka pamkeka. Yami ndi khasu lake: ana anaseka, akuluakulu anaseka kenako n'kusiya msanga kuposa ana. Pa liwu la mayi lija kunali zii, kamtsikana kena kanasuntha n'kukatsamira azakhali.

Ndiye belu. "Khwe." Ana onse 9 anaphulika kuseka.

Mtima wanga unagwa. Masabata awiri a ntchito, ndipo akuseka pamalo olira. Mayi wina anawakalipira kuti "Inu, chete!" Koma ndinapitiriza kuwayang'ana, ndipo chisekocho chinazima chokha pamene Yami anatembenukira kumpando. Mnyamata wina wa zaka ngati 8 ananong'ona yekha kuti, "Mawa ndikonza," kenako anatseka pakamwa ndi dzanja. Tinawaphunzitsa tokha kwa magawo asanu kuti belu likalira aziseka ndipo agogo ayankha. Anaseka, anadikira yankho, silinabwere. Amene anawauza kuti agogo kulibe ndi kuseka kwawo komwe.

Choncho sindichotsa chisekocho, ndichipatsa malo. Chete uja ndamuwonjezera kufika mafulemu 96 kuti ana amalize kuseka mutu wa Yami usanatembenuke, ndipo kutembenukako ndakusunthira pa fulemu ya 72. Kenako aliza belu kachiwiri, pang'onopang'ono. Tinabwereza kachigawoko madzulo omwewo nditasintha pa laputopu, ndipo kachiwiriko palibe anaseka.

Titamaliza mafunso a ana anali awiri. Loyamba, kodi Sajeni amupha? Zikuoneka kuti sitinamalize bwino nkhani ya ndiwo, ndiye tiwonjezera masekondi 4 oonetsa adzukulu akudya nkhuku, mmodzi akudandaula kuti anamva fungo la mbuzi. Lachiwiri linachokera kwa kamtsikana kaja: "Ndiye njinga azikonza ndani?" Sindinakayankhe. Ndalemba pakhoma kuti ndi gawo 7.

Sabata 8, Lachinayi

Tayamba kujambula zenizeni. Zigawo 14 mwa 61 za gawoli zatha, zambiri ndi za Sajeni chifukwa achimwene amati akayamba ndi zachisoni dzanja limalemera tsiku lonse. Pa liwiro limeneli tikufunika masabata ena 9, magetsi akalola.

Mkangano umene watsala ndi wa mzere womaliza. Achimwene akufuna kuti belu likalira kachiwiri, Yami anene yekha motsitsa kuti, "Mawa ndikonza." Akuti pamenepo ndiye anthu adzagwetsa misozi, ndipo mwana watenga udindo wa agogo ake. Mlongo wanga ali mbali yawo. Ine ndikukana. Mnyamata wa ku Bangwe uja ananena kale mawuwo tisanamuuze, ndipo ndikuona kuti tikawaika m'kamwa mwa Yami tiwalanda oonera chinthu chimene akanachinena okha. Komanso mwana wa zaka 7 amene agogo ake akuikidwa nthawi yomweyo salankhula mwaluso chonchi, amene amalankhula chonchi ndi wolemba. Achimwene akuti ndayambanso kuthawa, ulendo uno ndikuthawa kukoma. Mwina. Tajambula mawu a njira zonse ziwiri, ndipo tikaonetsa ana ena amene sanaonepo animatic, ku Ndirande Loweruka likubwerali, gulu lina njira iyi lina inayo.

Za manda tagwirizana popanda phokoso: sitionetsa dzenje kapena bokosi. Kamera iima pamene Yami waima, m'mphepete mwa mitengo, ndipo adzukulu azioneka kuyambira m'chiuno kupita kumwamba, dothi lofiira likuuluka kuchokera kumene sitikuona. Asisi ayamba kujambula msituwo Lolemba. Apempha zithunzi za mitengo ya kumanda kwathu, ndawauza kuti kumeneko munthu satulutsa foni, ndiye mawa ndikhala nawo pansi ndiwafotokozere ndi pakamwa.